Golovesi la Ali ndi chithunzi cha Coetzee: lipoti la katundu wopulumuka m'madzi ku Makhanga

Ntchito yanga ndi yojambula, kukonza zithunzi zakale ndi kuziika m'mafelemu kuno ku Nchalo. Pambali pa ntchitoyo ndakhala zaka zambiri ndikusonkhanitsa zithunzi, magazini ndi mapepala osayinidwa ndi akatswiri a nkhonya a gulu la olemera kwambiri (heavyweight), choncho anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje akapeza chinthu cholembedwa dzina la wankhonya amauzana kuti apite nacho kwa ine. Lipoti ili ndi la katundu wa banja lina la ku Makhanga lomwe linathawira ku Bangula madzi atasefukira ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Eni ake andilola kulemba, koma mayina ndawasiya.

Anabwera anthu awiri: mayi wachikulire wamasiye ndi mdzukulu wawo wamwamuna. Mnyamatayo anali ataika chithunzi cha golovesi pa intaneti, ndipo munthu wina wonena kuti ali kunja anamulonjeza ndalama zambiri, koma anati ayambe watumiza kaye ndalama "yolembetsera katundu". Banja lomwe nyumba yapita ndi madzi likamva lonjezo lotere, mtima umathamanga. Agogowo ndi amene anakaniza. Anati asanagulitse mbuzi yotsalayo, wina wodziwa aone kaye.

Zomwe zinali m'bokosi

Bokosilo ndi lachitsulo, lija amuna ankabwera nalo kuchokera ku Joni. Munali golovesi limodzi lofiira la dzanja lamanja, lolembedwa dzina la Muhammad Ali ndi inki yakuda, limodzi ndi kapepala kolembedwa kuti ndi satifiketi. Munali chithunzi chachikulu cha Ali chopachika pakhoma, nachonso cha siginecha pakona. Munalinso chithunzi chaching'ono chakuda ndi choyera cha mzungu wankhonya, chomwe mdzukuluyo sankachiwerengera. Anati chikavuta ndingochitaya. Pansi penipeni, m'jumbo yomangidwa bwino, munali kabuku ka malemu ka ku Theba (bungwe lomwe linkatumiza anthu ku migodi ya ku Joni), timapepala ta malipiro a kumgodi ndi makalata omwe ankalembera akazi awo.

Mbiri yomwe mnyamatayo anakula akuimva inali yakuti agogo ake aamuna anapita ku Zaire mu 1974, anaonera Ali akugwetsa George Foreman, ndipo Ali anawasayinira golovesi lomwe anamenyera. Ankainena ndi mtima wonse. Sankanama, ankabwereza zomwe anamva.

Bokosilo linamira, ndipo analitsegula patapita masabata ali kumsasa. Pepala likanyowa, chuku chimayamba kumera pasanathe masiku awiri, makamaka kotentha ngati kwathu kuno. Ndiye pofika kwa ine zonse zinali zitauma ndi matope, zikununkha, chuku chili mbuu pachikopa ndi m'mphepete mwa zithunzi. Zokhazo za m'jumbo ndi zomwe zinangonyowa pang'ono m'makona.

Kupulumutsa kaye, kufufuza pambuyo

Ndisanakhudze chilichonse ndinajambula chinthu chimodzichimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, eni ake akuona. Izi ndimachita nthawi zonse, kuti pasadzakhale mkangano wa mmene chinthu chinalili pobwera.

Ndinayala zonse pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa mapepala oyera omwe ndinkasintha akayamwa chinyontho. Padzuwa ayi. Dzuwa la kuno limapinda pepala ndi kufwifwitsa inki tsiku limodzi lokha. Chuku chitauma ndinachisesa panja ndi kabulashi kofewa, nditavala chophimba pakamwa ndi pamphuno, ndikusesa kuchoka pa siginecha, osati kulowera pomwepo. Golovesi ndinaliika mapepala mkati kuti lisafwanyike, n'kulisiya liume palokha. Mdzukuluyo anafunsa ngati tingalipake polishi kuti liwale. Ndinakana. Polishi ndi mafuta zimalowa m'chikopa ndi kusungunula inki, ndipo zikalowa sizituluka.

Chithunzi chaching'onocho chinali chitamatirira pagalasi la felemu yake mbali ya kumunsi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amawonongera: amakoka, nkhope ya munthu n'kutsalira pagalasi. Ndinachijambula kaye chili pagalasi pomwepo. Mwamwayi zolembedwazo zinali kumtunda komwe sikunamatirire, choncho ndinanyowetsa pang'onopang'ono mbali yomatirirayo ndi madzi oyera, ndikuteteza mbali ya inki, mpaka chinadzimasula chokha. Pakona yakumanzere panachoka kachidutswa ka chithunzi, ndipo ndinasiya choncho. Sindipaka utoto pa chithunzi chenicheni. Kukonza ndimakonzera pa kope la pa kompyuta.

Chithunzi chachikulu cha Ali

Ichi sichinavute. Ndinachiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu maulendo 10, ndipo siginechayo inali ya timadontho ting'onoting'ono tofanana ndi tomwe tapanga nkhope ndi kabudula wa Ali. Nditawalitsa tochi chapambali, kuwala kwa pepala kunali kofanana paliponse. Inki yolembedwa ndi dzanja imakhala pamwamba ndipo imawala mosiyana ndi pepala. Kumbuyo kunalibe kamzere kotumphuka. Dzinalo linasindikizidwa limodzi ndi chithunzi. Si chinyengo ayi, zithunzi zotere zinkagulitsidwa m'masitolo zili choncho. Kungoti dzanja la Ali silinafikepo.

Golovesi

Apa ndinakhalitsa, chifukwa chiyembekezo chonse cha banjali chinali pamenepa.

Ndinayamba ndi mbiri ya ku Zaire. Nkhondo ya Ali ndi Foreman inachitika ku Kinshasa pa 30 Okutobala 1974, m'bandakucha, ndipo Ali anapambana mu raundi ya 8. Chaka chomwecho mu Epulo ndege ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kuchokera ku migodi, ndipo boma la Kamuzu Banda linaimitsa zotumiza anthu ku migodi ya ku South Africa. Zinayambiranso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, lomwe ife timati Theba, ndipo zinatha mu 1988. Kabuku ka malemu kakusonyeza kuti ulendo wawo woyamba unali wa 1978. Ndinafunsa agogowo kuti, "Mayi, chaka chomwe Ali anamenya Foreman, bambo anali kuti?" Anayankha mosazengereza kuti anali kumudzi, akulima thonje, ndipo za nkhonyazo anazimvera pa wailesi ya mnzawo. Nthawi imeneyo Malawi analibe kanema. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Anapitiriza okha kuti golovesilo linabwera pambuyo kwambiri, ndi mng'ono wa malemu yemwe ankakhala ku Joni, chaka chomwe kunali nkhonya zazikulu kumeneko. Zimenezi zikugwirizana ndi 2001, pomwe Hasim Rahman anagwetsa Lennox Lewis mu raundi ya 5 ku Carnival City, ku Brakpan, pa 22 Epulo. Mdzukuluyo anali asanawafunsepo agogo akewo funso limeneli, ndipo iwo sankadziwa kuti mbiri inakula chonchi m'kamwa mwa ana.

Golovesilo linavomereza zomwe ananena. Ndi lomata pamkono, pomwe pa nkhonya zolimbirana lamba amavala magolovesi omanga ndi zingwe. Kansalu ka mkati kali ndi adiresi ya pa intaneti ya kampani, chinthu chomwe sichinkapezeka pa katundu zaka za m'ma 1990 zisanafike pakati. Ndi golovesi lophunzirira la m'sitolo, ndipo mu 1974 linali lisanapangidwe.

Koma apa munthu asafulumire. Golovesi kukhala latsopano sindiye kuti siginecha ndi yabodza. Ali anamwalira pa 3 Juni 2016, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anasayina magolovesi atsopano ambirimbiri omwe ankagulitsidwa. Anafikanso ku South Africa mu 1993. Choncho funso linasintha: kodi Ali wa zaka zimenezo akanalemba dzina lake chonchi?

Dzanja la Ali linasintha ndi zaka. Mpaka 1964 ankalemba Cassius Clay. M'zaka za m'ma 1970 ankalemba Muhammad Ali mwa zilembo zazikulu, zomasuka, zothamanga. Mu 1984 anamupeza ndi matenda a Parkinson, ndipo chimodzi mwa zomwe matendawa amachita ndi kuchepetsa zilembo za munthu. Masiginecha ake a pambuyo ndi aang'ono, othinana, olembedwa movutikira. Siginecha ya pa golovesili ndi yaikulu, yodzaza mbali yonse, yotengera kalembedwe ka zaka za m'ma 1970. Ndiye tili ndi dzanja la Ali wachinyamata pa golovesi lomwe linapangidwa Ali atadwala kale zaka zoposa 10. Ziwirizi sizingakumane.

Galasi linawonjezera umboni. Munthu akamalemba dzina lake lomwe walilemba kambirimbiri, cholembera chimafika pamalo chikuyenda kale ndipo chimachoka chikuyendabe, ndiye mizere imayamba ndi kutha mosongoka. Wokopera amayenda ngati munthu wowoloka pa mlatho wa mtengo umodzi: amaponda, n'kuima, n'kuyang'ana, n'kupondanso. Pa golovesili inki inaunjikana poyambira ndi pothera chilembo chilichonse, ndipo pakati pa dzina loyamba cholembera chinanyamuka kawiri pamalo pomwe dzanja lozolowera silinyamuka. Okopera ena amabisala kumbuyo kwa matenda a Ali, amati kunjenjemerako n'kwa Parkinson. Koma kunjenjemera kwa matenda kumayenda limodzi ndi zilembo zazing'ono, osati zazikulu zojambulidwa mosamala chonchi.

Satifiketiyo ndi fotokope yopanda nambala, yopanda adiresi, yopanda chithunzi cha golovesi lomwe ikunena. Pepala lotere aliyense akhoza kulipanga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 apolisi a FBI ku America anagwira gulu la okopera masiginecha pa ntchito yomwe anaitcha Operation Bullpen, ndipo katundu wabodzayo ankayenda ndi masatifiketi ake omwe. Dzina la Ali linali m'gulu la mayina omwe ankakoperedwa. Makampani otsimikiza masiginecha omwe ogula akunja amawakhulupirira, monga PSA/DNA, JSA ndi Beckett, amaika nambala yomwe munthu angaifufuze yekha pa intaneti n'kuona ngati ikugwirizana ndi katunduyo.

Chigamulo changa pa golovesi: siginechayo si ya Muhammad Ali. Mng'ono wa malemu ayenera kuti anagula ndi mtima wabwino, kufuna kusangalatsa mkulu wake wokonda nkhonya, ndipo ndinawauza choncho kuti pasakhale kunyoza munthu yemwe naye anapita.

Chithunzi chomwe chikanatayidwa

Nditangochotsa matope ndinamuzindikira: Gerrie Coetzee, wa ku Boksburg. Achinyamata a lero samudziwa, koma amuna omwe anali ku migodi zaka za m'ma 1980 amamudziwa bwino. Polimbirana lamba wa dziko lonse, anagonja kwa John Tate mu Okutobala 1979 ku Loftus Versfeld, ku Pretoria, pamaso pa anthu oposa 80,000. Anagonjanso kwa Mike Weaver ku Sun City mu 1980. Ulendo wachitatu, mu Seputembala 1983, anagwetsa Michael Dokes mu raundi ya 10 ku Ohio n'kutenga lamba wa bungwe la nkhonya la WBA, kukhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga lamba wa dziko lonse wa heavyweight. Lambayo anamulanda Greg Page ku Sun City mu Disembala 1984, pa raundi ya 8 yomwe inapitirira mphindi zitatu zovomerezeka, nkhani yomwe okonda nkhonya amakanganabe. Coetzee anamwalira mu Januwale 2023, miyezi iwiri madzi asanalowe m'nyumba ya banjali.

Kumtunda kwa chithunzicho kuli dzina loyamba la malemu, mawu achidule a mafuno abwino, siginecha, ndi chaka cha 1984, zonse ndi bolopeni ya buluu. Tochi ya chapambali inaonetsa kanjira komwe nsonga ya bolopeni inakumba, ndipo kumbuyo chala chimamva kutumphuka. Mzerewo ndi wothamanga, wolemera potsika ndi wopepuka pokwera, ndipo pena inki inadumpha monga imachitira bolopeni pa pepala loterera la chithunzi. Makina osayinira sachita zimenezi. Mzere wake umalemera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dzina la malemu ndi siginecha zinalembedwa ndi cholembera chimodzi ndi dzanja limodzi. Ndinayerekeza ndi masiginecha a Coetzee omwe ndili nawo ndi ena omwe anatsimikiziridwa kale, ndipo kapendekedwe, kukula kwa chilembo choyamba poyerekeza ndi zotsatira, ndi mmene mchira umathera, zikugwirizana.

Dzina la malemu lokha ndi umboni waukulu. Wokopera amafuna katundu woti agulitse kwa aliyense, ndiye salemba dzina la munthu wa ku Makhanga pamwamba pake, ndipo sataya nthawi ndi Coetzee pomwe Ali ndi amene ali ndi msika.

Koma chomwe chinandikhutiritsa kwenikweni chinali m'jumbo muja. Timapepala ta malipiro tikusonyeza kuti mu 1984 malemu ankagwira ntchito pa mgodi wa golide ku East Rand, dera lomwe kuli Boksburg. Ndipo kalata imodzi, ya chakumapeto kwa chaka chomwecho, ili mu envulopu yake ya sitampa ndi chidindo cha positi. Pakati pa nkhani za ndalama ya malata ndi moni kwa ana, malemu akufotokoza kuti anapita ndi anzawo kukaona wankhonyayo akukonzekera, anagwirana naye chanza, ndipo anawalembera dzina pa chithunzi chomwe adzabwere nacho. Agogowo anaiwerengetsa kalatayo kalekale n'kuisunga. Nditaiwerenga mokweza anati, "Eya, anabwera nachodi. Ankachipukuta Lamulungu lililonse."

Pa zinthu zonse zomwe zadutsa m'manja mwanga, n'zochepa zomwe zili ndi umboni wolumikizana chonchi: munthuyo anali pamalopo chaka chimenecho, analemba yekha za tsikulo nthawi yomweyo, positi inadinda tsiku, ndipo chithunzicho sichinatuluke m'banjamo. Osonkhanitsa akunja amalipira ndalama kufuna mbiri yotere, ndipo nthawi zambiri saipeza. Chigamulo changa: siginechayi ndi ya Gerrie Coetzee.

Zomwe ndinawauza

Ndinayamba ndi golovesi, chifukwa nkhani yowawa siyenera kubisika kumbuyo kwa yokoma. Mnyamatayo anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Ndiye bambo, munthu uja akufuniranji chinthu chabodza?" Ndinamuyankha kuti munthuyo sakufuna golovesi, akufuna ndalama yolembetsera ija. Wogula weniweni amafunsa mbiri ya katundu, amafuna zithunzi zapafupi za siginecha ndi za kansalu ka mkati, ndipo sauza wogulitsa kuti ayambe walipira. Tinamutumizira uthenga womupempha dzina la kampani yake ndi komwe ili. Sanayankhenso.

Pa chithunzi cha Coetzee ndinalankhula mosapsatira kuti mtengo wake pa msika ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa Ali, ndipo dzina la munthu likalembedwapo ogula ena amatsitsanso mtengo. Kuchitumiza ku America kuti akachitsimikize kumafuna madola, kuphatikizapo zotumizira ndi inshuwalansi, ndipo ndalamazo zikhoza kudya phindu lonse. Malangizo anga anali oti asagulitse. Akadzaganiza zogulitsa, chithunzi, kalata ndi envulopu ziyendere limodzi, chifukwa zikasiyana chithunzicho chimasanduka ngati china chilichonse.

Panali nkhani ina yomwe si ya nkhonya koma sindikanaisiya. Kabuku ka ku Theba ndi timapepala ta malipiro tili ndi nambala ya ntchito ya malemu ndi dzina la mgodi. Amenewa ndi mapepala omwe amafunika mabanja a anthu omwe anagwira ntchito ku migodi akamalondola ndalama zomwe zinatsalira kumeneko. Ndinawajambulira makope n'kuwalangiza kuti akafunse ku ofesi ya zantchito ya kuboma, atanyamula makopewo, enieniwo atasiya kunyumba.

Kasungidwe

Chigwa chathu ndi chankhanza pa mapepala. Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa malata kumaposa pamenepo. Dzinja likafika mpweya umadzaza chinyontho. Chiswe chimakwera khoma usiku umodzi, mphemvu zimadya guluu ndi pamwamba pa zithunzi, ndiye pali madzi: 2015, 2019, 2022, 2023. Munthu wosunga zinthu zotere kuno ayenera kuganizira zonsezi pamodzi.

Ndinasindikiza kope lokonzedwa la chithunzi cha Coetzee n'kuliika mu felemu kuti likhale pakhoma. Chenichenicho ndinachiika pakati pa mapepala opanda asidi, m'kathumba kosamata, limodzi ndi kalata, chilichonse m'chigawo chakechake. Zonsezi zili m'kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino, momwe ndinaikamo timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Kabokosiko kazikhala pamwamba, kutali ndi khoma ndi denga, pamalo poti munthu akhoza kukatola ndi dzanja limodzi pothawa madzi. Kotseka bwino n'kabwino pokhapokha zamkati zitauma; mukatsekeramo chinyontho mwaweta chuku. Choncho azitsegula nyengo youma, zipume pamthunzi, n'kusintha timapaketito.

Ndinawaletsa zinthu zitatu zomwe ndimaziona kawirikawiri: kuchita lamineti, kumata seloteipi, ndi kubwereza siginecha ndi cholembera ikayamba kufwifwa. Lamineti imawotcha pulasitiki pa pepala ndipo sichoka. Seloteipi imasiya banga lachikasu. Kubwereza siginecha ndiye kuipha kumene, chifukwa dzanja lomwe lili pamwamba limakhala lanu.

Ndinapemphanso mdzukuluyo kuti awajambule mawu agogo ake pa foni akufotokoza okha, m'Chisena chomwe amamasuka nacho, mmene chinthu chilichonse chinafikira m'nyumbamo. Tinalemba zomwezo pa pepala lapadera, agogowo anadinda chala, mboni ziwiri zinasayina, ndipo pepalalo lili m'kabokosi momwemo pamodzi ndi lipoti langa.

Pomwe zafika

Banjali linasamukira kumtunda, kufupi ndi Bangula. Golovesi anasankha kulisunga monga mphatso ya mng'ono kwa mkulu wake, ndipo ndinamangirirapo kakhadi konena chaka chomwe linabwera ndi kuti siginechayo si ya Ali, kuti mdzukulu wina asadzapusitsidwe kapena kupusitsa mnzake mosadziwa. Chithunzi chachikulu cha Ali chinawonongeka kwambiri m'munsi. Ndinachidula malire n'kuchiika mu felemu yatsopano, ndi kakatoni kochitalikitsa ku galasi.

Mvula ya chaka chotsatira itatha, mnyamatayo anabweretsa kabokosi kuti ndione. Inki ya siginecha ya Coetzee sinasinthe poyerekeza ndi zithunzi zomwe ndinajambula poyamba. Pa envulopu, pakona yomwe inanyowa, chuku chinayambiranso pang'ono. Ndinachisesa, ndinaumitsa envulopuyo payokha, ndi kusintha timapaketi. Golovesi layamba kung'aluka popinda chala chachikulu, zomwe zimachitika ndi chikopa chomwe chinamira n'kuuma, ndipo ndawonjezera mapepala mkati kuti lisapindike. Tagwirizana kuti azibwera nazo chaka chilichonse mvula ikatha, ndipo ulendo wotsatira abweretsenso makalata otsalawo, omwe ena mwa iwo akufunika kuwongoledwa ndi kujambulidwa.